Agogo Ogona ndi Nsapato

Agogo Leonard tawaika m'manda Loweruka lapitali, ndipo ndikulemba izi chifukwa pamaliro panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za nsapato. Abusa anati anali msilikali wolimba mtima. Mwana wawo, a Margaret, anati anali bambo wosakonda zoyankhulayankhula. Ine ndinakhala kumbuyo ndi amake Tisa, mnzanga wa ku Chipata amene tinkasinthana powasamalira, tikungoyang'anana. Wolimba mtima? Ndawasamalira zaka zinayi ku Wheaton, kuno kutsidya la nyanja, agogo aja, ndipo chibadwire sindinaone munthu wamantha ngati iwo. Sindikuwanyoza ayi. Mantha awowo ndinadziwa kumene anachokera, ndipo tsiku lina amene anadzutsa manthawo ndine.

Ntchito ija anandipezera ndi amake Tisa omwewo, popeza timapemphera tchalitchi chimodzi. Anangoti kuli mzungu wokalamba, wovuta, wathamangitsa kale antchito atatu, koma akunena izi ankamwetulira ngati pali chimene akubisa. Tsiku loyamba ndinawapeza agogowo atakhala pampando woyang'ana kukhomo, munthu wamtali, wowonda, atavala nsapato zakuda zomanga bwinobwino ngati akudikira basi. Moni wanga sanayankhe. Masana mng'ono wanga anaimba foni kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndili kukhitchini ndikuyankhula naye motsitsa mawu, ndinangomva kumbuyo kwanga: "Iwe! Kwanu n'kuti?"

Foni inagwera m'sinki. Mayo ine! Mzungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ku Maryland kuno, kundikalipira m'Chichewa? Ndinati ndine wa ku Dedza. Atamva zimenezo anafewetsa mawu. "Pepani mayi, pakamwa pangapa m'pa usilikali. Mfunda wanu ndani?" Ndinati Phiri. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la pamapepala sanalitchulepo. Ndinali Anaphiri basi, dzina limene kuno palibe ankandiitana nalo.

Chichewa chawo chinali chakale komanso cholamula. Bweretsa tiyi, tseka zenera, msanga! Ine ndinkangoseka, koma amake Tisa sankalola. "Imwe agogo," ankatero atagwira m'chiuno, "ine nili na ana atatu, musamanikambitse monga msoja wanu." Agogo ankawachitira sawatcha ali chikhalire n'kunena kuti amva, sajeni. Awiriwa ankakangana chilichonse: mchere m'ndiwo, mapiritsi a m'mawa, wailesi. Mkangano waukulu unali wa pemphero. Amake Tisa ankafuna kuwapempherera, agogo osakana, koma kutsinzina ayi. Ankati munthu wotseka maso m'chipinda muli anthu ena ndiye kuti moyo sunamuphunzitse kanthu. Amake Tisa ankapemphera diso limodzi lili pa iwo, agogo ali tong'o, mpaka ameni.

Zina sizinali zoseketsa. M'thumba la jekete simunkasowa chidutswa cha buledi, ndipo ukachichotsa pochapa unkayenera kubwezeramo china asanazindikire. Sutikesi m'nyumba muja munalibe, ngakhale imodzi. A Margaret akabwera kuchokera kwawo ku Woodbridge kudzagona, chikwama chawo chinkatsala m'galimoto, zovala n'kumalowetsa chimodzichimodzi. Pansi pa bedi panali chikwanje cha kunkhondo chokulunga m'thaulo, ndipo tinauzidwa kuti posesa tizichilambalala. Nanga nsapato zija! Ankagona nazo, zomanga, pansi pa bulangete. Posamba ankaziika m'mphepete mwa bafa pomwe dzanja lingafike. Mwezi woyamba ndinayesa kuwavula ali m'tulo ta masana, poganiza kuti ndiwapumitse mapazi. Anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinaoneka pakhungu langa masiku atatu, ndipo maso amene anandiyang'ana nawo sanali a munthu wokwiya. Anali a mwana wogwidwa ndi mantha. Sindinabwerezenso.

Nkhani yawo ndinaimva pang'onopang'ono, powawenga zikhadabo za kumapazi, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene ankakhala opanda nsapato kwa kanthawi, ndipo ankayankhula kuti asaganize za zimenezo. Anabadwira ku England, m'tauni ya padoko. Bambo awo sanawadziwe. Mayi awo atadwala chifuwa nthawi ya nkhondo yaikulu, anawasiya kunyumba yosungira ana, n'kulonjeza kuti akachira adzawatenga. Kumeneko nsapato za ana onse zinkatsekeredwa m'kabati pogona kuti wina asathawe. Nkhondo itatha, iwo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, m'mawa wina anadzutsidwa ndi mayi woyang'anira, wankhope yokoma, amene anawasisita tsitsi n'kuwauza kuti asankhidwa kupita kokayenda. Milungu iwiri basi, kukapumako ndi kudya zipatso. Mtima unawauza kuti pali china. Msewu wa kwa mayi awo ankaudziwa, ndipo khomo la kukhitchini linali losatseka, koma panja panali chisanu ndipo anali opanda nsapato. Nsapato anawapatsa atafika kale pasitima. Pabatani la jekete anawamangirira kachikatoni kolembapo dzina ndi nambala, ngati belo la fodya lopita ku okushoni.

Sitima ya pamtunda, ya pamadzi, ya pamtunda inanso, mpaka anawatsitsa pasukulu ina ya m'tchire kufupi ndi Bulawayo. Milungu iwiri itakwana analongedza sutikesi yawo n'kukhala pakhomo kudikira. Ana anzawo amene anafika kale anawaseka mpaka kugwa. Patapita miyezi anaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa kuti mayi awo anamwalira. Zaka zoposa makumi asanu pambuyo pake a Margaret anafufuza m'mapepala akale, n'kupeza kuti mayiwo anachira, anapita kukatenga mwana wawo, anauzidwa kuti ali kutali ndi anthu abwino, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kukalamba akulemba makalata amene sanafike. A Margaret anandiuza kuti bambo awo atawerenga mapepalawo sanalire. Anatenga polishi n'kukhala pakhonde kupukuta nsapato mpaka dzuwa kulowa.

Usilikali analowa atawonjezera zaka, kuti achoke pasukulu paja. Anawatumiza kunkhalango za dziko la Malaya pamodzi ndi asilikali a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia, ndipo Chichewa anachiphunzira kumeneko. Za nkhondo sankakamba zambiri. Ankakamba za munthu mmodzi yekha, Kopolo Yotamu wa ku Ntcheu, bambo wachikulire amene anali atamenyapo kale nkhondo ina. Ulendo woyamba wolowa m'nkhalango, agogo ali kamnyamata, manja ankanjenjemera moti zipolopolo zinkagwa pansi. Akuluakulu ankangowasisita paphewa kuti palibe choopsa, n'kuyenda chabe. Yotamu ndiye anawakokera pambali n'kuwauza mosazungulira kuti uko tikupitaku n'koopsa, eni ake amaidziwa nkhalango kuposa ife, ena sabwerako, mwina iwe, mwina ine, tsopano idya. Agogo ankati atamva zimenezo manja anasiya kunjenjemera. Kanali koyamba m'moyo wawo kuti munthu awauze choipa chisanachitike.

Yotamu yemweyo anawaphunzitsa kuyenda m'madzi kuti mapazi asaoneke, ndiponso kugona pansi pa chipika osayankha ngakhale wina akuitane ndi dzina lako mokoma, chifukwa mdani naye amatha kuitana mokoma. Tsiku limene Yotamu anawomberedwa m'mimba, anafunsa agogo ngati bala lija linali la imfa. Iwo anayang'ana n'kunena kuti inde. Yotamu anathokoza, anawauza mawu oti akafikitse kwa mkazi wake, n'kuwapatsa chikwanje chija. Pomaliza nkhaniyi agogo ankakonda kundiuza kuti anthu a chiyankhulo chathu sanawanamizepo, ndipo n'chifukwa chake ine anandilola kugwira mapazi awo. Ndinkamva kukoma ndithu, ndinkadzitukumula ngati ndine ndinali Yotamuyo.

Koma inu mukudziwa mmene timachitira kwathu. Uthenga woipa sitiuponya ngati mwala. Bambo anga atamwalira anandiimbira foni kuti abambo sakupeza bwino, kawaoneni, ndipo ndinakazindikira ndikuona utsi wa pasiwa. Palibe amene ndinamusungira chakukhosi, chifukwa chimenecho ndi chifundo. Wodwala mwakayakaya timamuuza kuti muchira. Nkhalamba sitiiuza zoti ziigwetse mtima. Ndinakula nazo zimenezi, ndipo ndinalibe chifukwa chozikayikira.

Chaka chachitatu agogo anayamba kuiwala. Kawiri anasiya sitovu ikuyaka, ndipo kamodzi anagwa pamasitepe ine nditapita kukagula mkaka. A Margaret, amene tsiku ndi tsiku ankathera maola m'misewu pakati pa ntchito, ana ndi bambo awo, anapeza malo kunyumba yosungira okalamba ya kufupi ndi kwawo. Sindiwaimba mlandu, mayi aja anali atatopa mpaka m'mafupa. Anandiitanira m'galimoto mwawo, misozi ili m'maso, nati iwo sangathe kuwauza bambo awo, ndipo anafunsa ngati ine ndingawakwezere m'galimoto mwanjira ina iliyonse, popeza amandimvera. Ndinavomera mosavuta. Ndinati musadandaule, kwathu zimenezi timazidziwa. Amake Tisa nawo anavomereza kuti n'zoona, nkhalamba saiuza.

Kunyumba kuja anafuna kuti chovala chilichonse chikhale ndi dzina la mwini wake, kuti zisasokonekere pochapa. Ndinakhala masiku atatu m'chipinda cha pansi, pafupi ndi makina ochapira, ndikusokerera tinsalu ta dzina pamakolala. Ndinkaimba nyimbo za kwaya ndikusoka. Kachikatoni ka pabatani kaja ndinali nditakamva kangapo konse, koma sikanandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Sutikesi ndinabwereka kwa amake Tisa n'kuibisa kuseri kwa makinawo.

Linali Lachisanu la mu Januwale, kukuzizira moti mphuno kuuma, chipale chofewa cha dzulo lake chili mbuu paliponse. A Margaret anayenera kufika cha m'ma faifi. Itakwana folo ndinawaveka agogo malaya atsopano ndi jekete, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo monga timachitira ndi akuluakulu, n'kunena ndi mawu anga onse okoma: "Agogo, lero tikupita kokayenda. Mukakhala milungu iwiri basi, mukapumeko."

Mawuwo akutuluka m'kamwa ndinawamva ndekha, ndipo ndinazindikira kuti ndi omwe aja a mayi woyang'anira ana uja. Koma anali atatuluka kale. Agogo anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira kuseri kwa khosi, pamene kansalu kankawakanda. Anavula jekete, anatembenuza kolala, n'kuwerenga dzina lawo losokedwa ndi ulusi wanga. Kenako anavalanso, anamanga mabatani onse, n'kundimwetulira. Kumwetulira kumeneko sindidzakuiwala. "Chabwino, Anaphiri," anatero. "Ndipangireni tiyi tisananyamuke."

Ketulo siitenga mphindi zisanu. Pobwera ndi tiyi mpando unali wopanda munthu, ndipo chitseko cha kuseri chinali pululu, mphepo ikulowa. Ndinathamangira kuchipinda kwawo ndikupemphera kuti zisakhale zimene ndikuganiza. Pansi pa bedi panali thaulo lokha.

Abale inu, mantha ndinawadziwa tsiku limenelo. Nkhalamba yoiwalaiwala, panja pozizira choncho, dzuwa litatsala ola limodzi kuti lilowe (nthawi yozizira kuno limalowa msanga), m'manja muli chikwanje. Ndinaganiza za ana a sukulu amene amadutsa kuseri kuja. Ndinaganiza za apolisi akuona munthu wamtali akutuluka m'tchire ndi chitsulo chachitali m'manja, akumuuza kuti achiponye pansi, iye m'mutu mwake ali ku Malaya. Ndinaimbira a Margaret, anati ali pamsewu waukulu, magalimoto aima, ndipo anayamba kulira pafoni. Ndinaimbira amake Tisa amene amakhala misewu itatu kuchokera pamenepo, anafika atavala jekete pamwamba pa chitenje. "Itanani apolisi manje manje," anatero. "Akafa na mphepo muzakamba chani?" Ndinaimba, ndipo za chikwanje ndinanena, ngakhale lilime linkafuna kubisa. Anati akubwera. Ndinadziwa kuti ndatsala ndi mphindi zochepa kuti ndiwapeze ndine.

Kuseri kwa nyumba kuli kathengo kotsetsereka, pansi pake pali kamtsinje. Mapazi awo ankaoneka bwinobwino pachipale, nsapato zija, kutsika molunjika osadzandira ngakhale pang'ono, ngati si munthu amene ndinkamugwira mkono popita kubafa. Anafika pamadzi n'kuthera pomwepo. Tsidya lina kunalibe phazi. Ndinaima kakasi, kenako ndinakumbukira Yotamu. Alowa m'madzi. M'madzi oundana m'mbali, munthu wa zaka zimenezo, akuyenda kuti ine ndisamupeze.

Amake Tisa analowera kumtunda, ine kumunsi. Ndinkaterereka, kugwa, kudzuka, minga ikundikola siketi. Ndinkaitana mokoma, mmene timaitanira mwana wobisala: "Agogo! Agogo Leonard! Bwerani, tiyi akuzizira! Sitipitanso, agogo, ndimangocheza!" Taonani, bodza lina pamwamba pa linzake. Kunali zii. Mitengo yopanda masamba, zipika zakugwa, madzi okha kulira pamiyala. Ndinatsika mpaka pamlatho, ndinabwerera, ndinatsikanso. Kuwala kunayamba kuchepa, zala zanga zinasiya kumva, ndipo ine ndinali ndi magolovesi, nanga iwo ndi mapazi onyowa? Chapatali ndinamva kulira kwa galimoto ya apolisi. Ndinayamba kulira mokweza ngati pamaliro, chifukwa mumtima ndinali nditaona kale mtembo, ndipo ndinadziwa kuti wawapha ndine, ndi pakamwa pangapa.

M'kulira momwemo ndi mmene zinandibwerera. Ali pafupi, akundimva, ndipo sayankha chifukwa ndikuitana mokoma. Ndinaima pakati pa thengo, ndinapukuta mamina ndi mkono wa jekete, n'kuchita chinthu chimene mwana woleredwa bwino wa ku Dedza sachita kwa munthu wamkulu. Ndinakuwa: "Agogo, ndakunamizani! Si milungu iwiri! Mukupita kunyumba ya okalamba ku Woodbridge, ndipo m'nyumba yanu ija simudzabwereramonso! Mwana wanu watopa, inu mukuiwala, tsiku lina mudzapsa ndi moto! Maina aja ndasoka ndine! Apolisi akubwera, ndipo ndikuopa kuti akuwomberani chifukwa cha chikwanjecho!"

Kenako masamba ouma anagwedezeka pansi pa chipika chimene ndinali nditachidutsa katatu, mapazi anayi okha kuchokera pomwe ndinaima. Mawu anatuluka ofooka, mano akugundana, koma omveka.

"Nanga simukananena kale bwanji, Anaphiri?"

Anali atadzikwirira ndi masamba mpaka kumutu. Milomo inali itada, buluku litaundana gwa mpaka m'mawondo. Anandipatsa chikwanje atatembenuza, chigwiriro chili kwa ine, n'kutambasula dzanja kuti ndiwadzutse. Apolisi atatsika anapeza nkhalamba itatsamira paphewa langa, chikwanje ndili nditachiponya patali, ndipo anatithandiza mwaulemu kuwakweza kumtunda. Kuchipatala anakhala milungu itatu, ndipo zala ziwiri za kuphazi lamanzere anazidula. Anamwino atadula zingwe kuti awavule nsapato zonyowa zija, panafunika anthu atatu kuwagwira. Amake Tisa anapita nazo kwawo, anaziumitsa pang'onopang'ono, anagula zingwe zatsopano, ndipo m'mawa mwake imodzi inali kuphazi la agogo lamanja, inayo ili pachifuwa pawo.

Ku Woodbridge agogo anapita, okha, osakokedwa. Anafunsa tsiku, anafunsa nambala ya chipinda, anafunsa ngati mpando ungayang'ane kukhomo. Tinsalu ta maina anandiuza kuti nditsomphole tonse, ndipo analemba okha ndi cholembera pakolala iliyonse, zilembo zokhotakhota. Ine ntchito inathera pomwepo, koma Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkapita kukawaona. Sanandikalipirepo za tsiku lija, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Mawu aja okha, oti anthu a chiyankhulo chathu sanawanamizepo, sanawanenenso. Ndikalowa ankandiyang'ana kaye kumaso n'kufunsa kuti lero ndabwera ndi zoona kapena ndi chifundo. Ndinkati ndi zoona, agogo. Pamenepo ankandiuza kuti ndikhale pansi.

Zinthu zambiri anaiwala chaka chimenecho. Chingerezi chinayamba kuthawa, ndipo anamwino ankandiimbira foni kuti ndiwamasulire zimene akunena. Masiku ena agogo ankawaona a Margaret ngati mayi woyang'anira ana uja, n'kubisa mapazi pansi pa mpando. A Margaret ankatuluka kukalirira m'khonde. Koma funso lija sanaliiwale.

Milungu iwiri yapitayo chibayo chinawagwira. Dokotala anatiuza m'khonde kuti kwatsala masiku ochepa, ndipo a Margaret anandigwira dzanja. Ndinalowa ndekha. Dzuwa la masana linkalowa pazenera, iwo ali chigonere, nsapato zikutukumula bulangete kumiyendo. Anatsegula maso, anandizindikira, ndipo ndinaona funso likubwera lisanafike pamilomo. Mantha anandigwiranso ngati tsiku la kumtsinje lija. Zonse zimene amayi anandiphunzitsa zinkandiuza kuti nena kuti muchira, agogo, Mulungu ndi wamkulu. Mawuwo anali okonzeka kale palilime.

"Anaphiri, ulendo uno ndi womwewo?"

"Ndi womwewo, agogo. Mukumwalira. Adokotala akuti masiku awiri, mwina atatu."

Anapuma mpweya wautali, ndipo nkhope yonse inamasuka. Anafunsa ngati zidzapweteka, ndinati akuti ayi, mankhwala alipo. Anafunsa ngati Margaret akudziwa, ndinati ali pakhomo pomwepa. Kenako anasuntha phazi pansi pa bulangete.

"Ndivuleni nsapato," anatero. "Zikundithina."

Ndinagwada. Manja anandivuta pomasula zingwe chifukwa sindinkaona bwino. Ndinavula yakumanja, kenako yakumanzere ya phazi lopunguka zala lija, ndikudikira kuti dzanja lija lindigwire pamkono. Silinabwere. Anagwedeza zala zotsalazo, anati ndiitane mwana wawo, ndipo a Margaret atalowa anapeza bambo awo akugona tulo, mapazi ali pamtunda. Anamwalira tsiku lachitatu, m'mawa.

Pokonza za maliro a Margaret anafuna kuti awaveke nsapato zija m'bokosi, poti anthu onse ankawadziwa nazo. Ine sindilowerera za eni maliro, koma apa ndinakana. Ndinati anazivula okha.

Dzulo ndinapita kukathandiza kuchotsa katundu m'chipinda muja, chifukwa Lolemba mukulowa munthu wina. Bedi analiyalula kale, matiresi ali poyera. M'kabati munali malaya asanu ndi limodzi a zilembo zokhotakhota pakolala, ndipo m'thumba la jekete ndinapeza buledi wouma gwa, amene ndinamugwira nthawi yaitali ndisanamutaye. Mpando ukadali momwe anauikira, kuyang'ana kukhomo, khushoni yake italowa m'kati pakati pomwe ankakhala. Nsapato palibe anazisuntha. Zili pansi pa mpandowo pomwe ndinaziika tsiku lija, zogundizana, zopukutidwa bwino, zingwe zili zomasula.